Ogulitsa Zida ndi Mtendere wa pa Nyanja Yathu



Phunziro la sabata ino likukhudza nkhani imene ambiri a ife timaiona ngati ya anthu a ku Lilongwe ndi a maiko akutali: malonda a zida za nkhondo, ndi mphamvu imene ogulitsa zidazo ali nayo pa maboma. Kuno ku Chintheche timakambirana mtengo wa chilimira, wa injini ya boti ndi wa ndowa ya usipa. Mtengo wa bwato la nkhondo sumveka pa doko. Komatu ngongole yogulira zida imabwezedwa ndi msonkho, ndipo msonkhowo timaupereka tonse pogula sopo, shuga ndi mafuta a injini. Choncho nkhaniyi ndi yathu.

Tisanayambe, tikumbutsane mwambo wa gulu lathu. Ife a Bahá'í sitilowa m'ndale za zipani, ndipo timamvera boma la dziko limene tikukhalamo. Zimene tiwerenge pano zidachitika pansi pa maboma osiyanasiyana, kuno ndi kunja. Tikuzitchula kuti timvetse matendawo, osati kuti tiloze chala chipani chilichonse. Timalemekezanso asilikali athu, amene akhala akusungitsa mtendere ku Congo, ndipo adapulumutsa anthu ambiri pa nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023. Funso lathu ndi lina: kodi amapindula ndani pamene anansi akuopana?

1. Mfuti pa nyanja ino si zachilendo

M'zaka za m'ma 1800, amalonda a akapolo ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, nkumabwerera ndi minyanga ya njovu ndi anthu. Jumbe adakhazikika ku Nkhotakota, Mlozi ku Karonga. Mfumu yogula mfuti inkafunika akapolo oti ilipirire. Mfumu yoyandikana nayo, poona kuti mnzake ali ndi mfuti, inkafunanso zake, ndipo nayonso inkalipira ndi anthu. Midzi inkatha mbali zonse ziwiri, koma wogulitsa onga ankapindula kulikonse kumene nkhondo yagwera.

Mu August 1914, nkhondo ya ku Ulaya idafika pa madzi ano. Sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen idawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa doko la Liuli, tsidya lija. Oyendetsa sitima ziwirizi ankadziwana bwino, ndipo wa ku Germany uja anali asanamve n'komwe kuti maiko awo ayambana. Mwezi wotsatira kudali nkhondo ku Karonga. Kenako amuna ambirimbiri a dziko lino adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali pa ntchito ya tengatenga, ndipo ambiri sadabwerere. Mu November chaka chomwecho, John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi ndiwo akufa pa nkhondo imene saidziwa chiyambi chake, pamene eni chuma ali phee kwawo. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

2. Mabwato asanu ndi awiri

Tibwere m'masiku athu ano. Pakati pa Malawi ndi Tanzania pali kusiyana maganizo pa za malire a kumpoto kwa nyanja. Malawi amatsamira pa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, limene lidaika malire m'gombe la kum'mawa. Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Nkhaniyi idagona zaka zambiri. Idadzuka mu 2012, Malawi atapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja kwa kampani ya ku Britain ya Surestream. Ambiri tikukumbukira mphekesera za nkhondo zimene zinkamveka m'magombe muno nthawi imeneyo. Atsogoleri opuma, a Joaquim Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae, adapemphedwa kukhala amkhalapakati.

Mu 2013, mkanganowo uli m'kati, zidamveka kuti boma lagwirizana ndi Paramount Group, kampani yopanga zida ya ku South Africa, kuti ibweretse zida, kuphatikizapo mabwato asanu ndi awiri olondera pa nyanja. Mtengo wa mgwirizano wonse udatchulidwa kuti ndi madola 145 miliyoni a ku America. Chaka chomwecho ndege ya pulezidenti, imene idagulidwa mu 2009, idagulitsidwa pa madola 15 miliyoni kwa kampani yotchedwa Bohnox Enterprises. Patapita miyezi zidadziwika kuti Bohnox ndi ya pa banja limodzi ndi Paramount, ndipo ndalamazo sizidalowe m'thumba lalikulu la boma, koma zidapita kukachepetsa ngongole ya zida. Nyuzipepala ya Telegraph ya ku London idalembanso kuti bungwe la banja la mwini kampaniyo ndilo linkalipira Bell Pottinger, kampani imene idalembedwa ntchito yokonza mbiri ya boma kunja pa nthawi ya Cashgate. Mu 2014 nduna ya zachuma ya boma latsopano, a Goodall Gondwe, idalengeza kuti mgwirizanowo wathetsedwa chifukwa cha kudula kwake. Kampaniyo idati zonse idachita motsata malamulo, ndipo mbali ziwirizo zidakhalanso pansi kukambirana.

Sitikunena kuti kampaniyo ndiyo idayambitsa mkangano wa malire. Ayi. Koma taonani ndondomeko yake. Mantha adayamba kufika, wogulitsa adatsatira, ndipo posakhalitsa wogulitsa yemweyo adapezeka kuti ndi mwini ngongole, wogula ndege, ndiponso bwenzi lothandiza boma kuyankhula ndi maiko akunja. Munthu mmodzi akakhala kuti ndiye wakugulitsa ukonde, wakukongoza ndalama, ndiponso akukuyankhulira pa bwalo la mfumu, kodi ungamukanire chiyani?

3. Kwa anansi athu

Ku Mozambique zidafika poipa kwambiri. Mu 2013 ndi 2014, makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, adakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni kudzera m'mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Ankati agule mabwato olondera gombe la nyanja ya mchere, zipangizo zake, ndi mabwato ophera nsomba za tuna, zonse kuchokera ku kampani ya Privinvest. Boma lidalonjeza kudzabweza ngongolezo popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, ndipo mbali yaikulu idabisidwa. Chinsinsi chitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza adaimitsa chithandizo. Ndalama ya metical idagwa, mitengo ya zinthu idakwera. Mabwato ophera nsomba aja adachita dzimbiri pa doko la Maputo. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa kuwawa kwake kwa bwato logula pa ngongole lomwe silidalowe m'madzi.

Mlandu suola. Mu December 2022 khoti la ku Maputo lidagamula anthu angapo, mmodzi mwa iwo mwana wa pulezidenti wakale, kuti akakhale kundende. A Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma, adamangidwa ku Johannesburg mu December 2018, ndipo khoti la ku New York lidawapeza olakwa mu 2024. Koma mlimi wa ku Niassa ndi mayi wogulitsa nsomba ku Metangula, pa nyanja yathu yomweyi, anali atalipira kale. Makolo amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Apa zidatembenuka: adadya ndi akulu, zidapota ana.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri a m'boma lino la Nkhata Bay akugwira ntchito, boma lidasaina mu 1999 mgwirizano wa ndalama pafupifupi 30 biliyoni za rand, wogula ndege za nkhondo, sitima za nkhondo ndi sitima zoyenda pansi pa madzi kuchokera ku makampani a ku Ulaya. Dzikolo lidalibe mdani womuopseza ndi nkhondo. Mdani amene ankapha anthu tsiku ndi tsiku nthawi imeneyo anali Edzi. Mu 2005 a Schabir Shaik, mlangizi wa zachuma wa a Jacob Zuma, adapezeka olakwa pa milandu ya katangale, ina yokhudza kampani ya zida ya ku France, ndipo milandu yochokera ku mgwirizanowo yakhala ikuzungulira m'makhoti zaka zoposa makumi awiri.

Tisaganize kuti matendawa ndi a mu Africa mokha. Mu January 1961, potsanzikana ndi anthu ake, Pulezidenti Dwight Eisenhower wa ku America, amene adali mkulu wa asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, adachenjeza kuti ubale wa pakati pa asilikali ndi makampani opanga zida ungathe kukula mpaka kulamulira boma. Mu December 2006 boma la Britain lidaimitsa kafukufuku wa ziphuphu wokhudza kampani ya BAE ndi malonda ake a ndege ku Saudi Arabia, ponena kuti kupitiriza kukadaononga chitetezo cha dziko ndi ubale wa maiko awiriwo. Ndipo maiko asanu amene ali ndi mipando yokhazikika mu nthambi yoona za chitetezo ya United Nations, America, Russia, China, Britain ndi France, ali m'gulu la ogulitsa zida aakulu pa dziko lonse. Bungwe la SIPRI la ku Sweden lidawerengera kuti mu 2024 maiko onse adaononga madola oposa 2,700 biliyoni pa za usilikali.

4. Mmene wogulitsa amagwirira boma dzanja

Kodi kampani, imene ilibe mavoti, imafika bwanji potsogolera maganizo a boma? Tiyeni tione njira zinayi.

Yoyamba ndi chinsinsi. Boma likamagula feteleza kapena mankhwala, anthu amafunsa mtengo. Likamagula zida, mawu oti "ndi nkhani ya chitetezo" amatseka pakamwa aphungu ndi atolankhani omwe. Zinsinsi zina za chitetezo n'zoyenera ndithu, koma mumdima momwemo ndimo katangale amabisala. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Yachiwiri ndi ngongole. Dziko losauka silingalipire zida nthawi imodzi, choncho wogulitsa amathandiza kupeza wokongoza. Osaina amachoka pa mpando, ngongole imatsalira ana amene lero ali ku pulayimale.

Yachitatu ndi kudalira. Mwini boti amadziwa kuti ukagula injini ya Yamaha, sipeya zake uzifunanso za Yamaha, ndi makaniko woidziwa. Ndege ya nkhondo ndi chimodzimodzi, kwa zaka makumi awiri kapena atatu. Dziko logula limavutika kutsutsana ndi dziko limene likusunga sipeya zake, ngakhale pa nkhani zosakhudza nkhondo.

Yachinayi ili ku dziko logulitsa. Mafakitale a zida amalemba ntchito anthu ambiri, ndipo phungu wa dera limene kuli fakitale safuna kuti itsekedwe. Makampani amathandiza andale pa kampeni, amalembanso ntchito akuluakulu a boma ndi a usilikali akapuma. Mapeto ake, atsogoleri amayenda maulendo a boma atatenga ogulitsa zida, ndipo amatseka maso pa nkhanza za kasitomala wolipira bwino.

Pansi pa njira zonsezi pali chinthu chimodzi: mantha. Sing'anga wachinyengo sapeza ndalama m'mudzi mmene anthu akukhulupirirana. Amadikira kuti wina akayikire mnzake, ndipo amagulitsa mankhwala otsirika nyumba kwa onse awiri. Malonda a zida amakula pa nthaka yomweyo.

5. Zimene Bahá'u'lláh adauza mafumu

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1860, Bahá'u'lláh, ali wandende ndi wothamangitsidwa kwawo, ku Adrianople ndipo kenako ku 'Akká, adalembera makalata olamulira amphamvu a nthawi yake, monga Napoleon III wa ku France, Mfumukazi Victoria ya ku Britain ndi Alexander II wa ku Russia. Iye adadzudzula mafumu chifukwa choonjezera ndalama zoononga chaka ndi chaka nkusenzetsa anthu awo katunduyo, ndipo adati kumeneko ndi kupanda chilungamo. Adawakumbutsa kuti anthu osauka ndi chuma chimene Mulungu adawasungitsa, ndipo adzafunsidwa za iwo. Adawalangiza kuti ayanjane, kuti asafunikenso zida zoposa zimene zingasunge bata m'maiko awo. Adaikanso mfundo yakuti mfumu ina ikaukira inzake, mafumu onse adzuke pamodzi kuiletsa.

Taonani kuti Iye sadanene kuti maiko ataye zida zonse m'madzi mawa m'mawa. Boma lili ndi udindo woteteza anthu ake. Chimene adaphunzitsa ndi chakuti chitetezo chikhale cha onse pamodzi, pakuti dziko lililonse likamadziteteza lokha, zida za mnzake zimaoneka ngati chiopsezo, ndipo mpikisano sutha.

Mu 1875 'Abdu'l-Bahá adalemba buku lofotokoza za chitukuko choona, limene m'Chingerezi limatchedwa The Secret of Divine Civilization. M'menemo adafotokoza kuti atsogoleri a maiko asonkhane, apange pangano lolimba, aike malire a dziko lililonse momveka bwino, ndiponso aike mlingo wa zida zimene boma lililonse lingakhale nazo, chifukwa dziko limodzi likachulukitsa zida, ena amayamba kukayika. Tikawerenga zimenezi tili m'mbali mwa nyanja imene malire ake akadali pa mkangano, timaona ngati adalembera ife. Mu 1912, ali ku America, adachenjeza kuti Ulaya wasanduka nkhokwe ya onga yongodikira kamoto kamodzi. Patangotha zaka ziwiri, kamotoko kadafika mpaka ku Liuli ndi ku Karonga.

Mu October 1985 Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse idalembera anthu a maiko onse uthenga wa lonjezo la mtendere. Idanena kuti kuletsa zida zoopsa, ngakhale kuli kofunika, sikungachotse mizu ya nkhondo. Mizuyo idaitchula: tsankho la mtundu, kusiyana kwakukulu kwa olemera ndi osauka, kukonda dziko lako mopitirira mpaka kudana ndi ena, mikangano ya zipembedzo, kupondereza amayi, ndi kusowa kwa maphunziro. Munthu amene mtima wake sudasinthe, ukamulanda mfuti amatola chikwanje.

6. Gawo lathu

Wina angafunse kuti: ife anthu khumi okhala pansi pa mtengo wa mango, tingachitenji ndi makampani a mabiliyoni? Sitingasaine pangano la maiko. Koma katundu amene makampaniwo amadalira, mantha, chinsinsi ndi dyera, amapangidwa m'mitima ya anthu, ndipo m'mitima ndimo muli ntchito yathu.

Choyamba, tikane kukhala onyamula mantha. Mphekesera ya nkhondo ikabwera pa foni, tisaitumize kwa ena tisanadziwe ngati ndi yoona. Anthu a ku Mbamba Bay, a ku Cobue ndi a ku Metangula amapha usipa womwewo, amaopa mwera womwewo, ndipo ambiri ndi achibale athu a magazi ndi a ukwati. Bahá'u'lláh adatiphunzitsa kuona dziko lonse lapansi ngati kwathu kumodzi. Kukonda Malawi sikutilamula kudana ndi Tanzania. Nkhani ya malire ili ndi njira zake, za kukambirana ndi za makhoti a maiko, ndipo tizipempherera amene akuiyendetsa mbali zonse ziwiri.

Chachiwiri, tikhale okhulupirika pa ndalama za anthu. Nduna imene idasaina ngongole mobisa idayamba yakhala mwana m'mudzi wina. Khalidwe limene limabisa mabiliyoni ndi lomwelo limene limabisa K5,000 ya komiti ya mjigo, ya banki m'khonde kapena ya komiti ya pa doko. Amene tasungitsidwa thumba lililonse, kuphatikizapo thumba la chipembedzo chathu, tiziwerenga malipoti poyera tisanafunsidwe. Amene sitikusunga thumba tizifunsa mwaulemu, osachita manyazi. Anthu ozolowera kufunsa za ndalama za mjigo adzadziwanso kufunsa phungu wawo, mwamtendere ndi motsata malamulo, za ngongole za dziko.

Chachitatu, tiphunzire kukambirana. Pa Phwando la Masiku 19 ndi m'Bungwe Lauzimu timaphunzira kuika ganizo pakati nkulisiya kuti likhale la onse, kumvetsera wamng'ono ndi wamkulu, ndi kufuna choonadi m'malo mofuna kupambana. Luso limeneli tilitengere ku mikangano ya malire a minda ya chinangwa ndi ya malo oyanikira nsomba. Mudzi umene umatha kuthetsa mkangano wa malire popanda chikwanje kapena chitsulo cha sing'anga ukuonetsa, pang'ono pomwe, zimene maiko akuyenera kuphunzira.

Chachinayi, tisamale ana. M'makalasi a ana ndi m'magulu a achinyamata achisodzera muli aphungu, maakauntanti ndi akuluakulu a asilikali a mawa. Wina mwa iwo adzakhala pa tebulo limodzi ndi wogulitsa zida, envulopu ili pakati pawo, chitseko chili chotseka. Chimene adzachite tsiku limenelo chikuumbidwa panopa. Atsikana tiwapatse mpata wofanana, pakuti 'Abdu'l-Bahá adaphunzitsa kuti amayi akadzalowa mokwanira m'zochitika za dziko, adzakhala chotchinga chachikulu cha nkhondo, popeza ndiwo amadziwa mtengo wolerera mwana.

Mafunso okambirana

a) Pa nkhani ya mabwato a pa nyanja yathu ndi ya ngongole za ku Mozambique, ndani adasaina, ndani adapindula, ndipo ndani adalipira?

b) Kodi chinsinsi choyenera cha chitetezo chimasiyana bwanji ndi chinsinsi chobisa katangale? Tingazindikire bwanji kusiyanako m'makomiti a m'mudzi mwathu?

c) Bahá'u'lláh adalola kuti boma likhale ndi zida zosungira bata, koma adadzudzula kuzichulukitsa. Kodi mfundo yoti onse adzukire woukira mnzake imachepetsa bwanji mantha?

d) Tingakambe bwanji nkhani ngati izi ndi anansi athu popanda kugwera m'ndale za zipani kapena m'miseche?

e) Ndi mphekesera ziti za anthu a mtundu wina, a chipembedzo china kapena a dziko lina zimene zimamveka kuno kwathu? Gulu lathu lichitepo chiyani mwezi uno?

Tikamaliza kukambirana, aliyense asankhe chinthu chimodzi choti achite sabata ino isanathe, ndipo tidzauzane mmene zayendera tikadzakumananso. Titseke ndi pemphero la umodzi, ndipo m'pempheromo tikumbukire atsogoleri a Malawi, Tanzania ndi Mozambique, asilikali a maiko atatuwa, ndi asodzi onse amene alowe m'madzi usiku uno.